Kodi barn ndi nkhokwe, khola kapena balani?

Nasibeko, Zomba

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino mbiri ya mawu a Chingerezi. Ndapatsidwa ntchito yomasulira m'Chichewa kabuku kophunzitsa kawetedwe ka ng'ombe za mkaka kamene kanalembedwa ku America, ndipo liwu lakuti barn likupezeka pafupifupi pa tsamba lililonse. Wolemba akulangiza kuti ng'ombe zizigona mu barn mouma, kuti mu barn muzipita mphepo yokwanira, ndiponso kuti udzu wouma uzisungidwa m'chipinda cha pamwamba cha barn yomweyo.

Ambiri a ife tinaphunzira kuti barn ndi nkhokwe, chifukwa m'fanizo la munthu wachuma wopusa, pa Luka 12, pamene Baibulo la Chingerezi likunena za barns, lathu likunena za nkhokwe. Koma ng'ombe sizigona m'nkhokwe, ndipo mlimi wa ku Bvumbwe atawerenga kuti alowetse ng'ombe yake m'nkhokwe akhoza kukaikira kabuku konse. Kumbali ina, m'madera a fodya muli mabalani, amene dzina lake n'zoonekeratu kuti linachokera ku liwu lomweli, koma mmenemo simugona ng'ombe ndipo simusungidwa chimanga. Mwana wa achimwene anga amene akuphunzira fizikisi wawonjezera chisokonezo ponena kuti kwa iwo barn ndi muyeso.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi limeneli ndi liwu limodzi limene lakhala likusintha tanthauzo, kapena ndi mawu angapo amene angofanana kalembedwe? Ndipo m'kabuku ka ng'ombe za mkaka ndilembe chiyani?

Mbewe, mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Mayi Nasibeko, ndiyankha funso lanu loyamba motalikirapo, chifukwa yankho la funso lachiwiri likuchokera mmenemo.

Liwuli ndi la Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo pa nthawi imeneyo linkalembedwa kuti berern kapena bereærn. Anali mawu awiri ophatikizana: bere, kutanthauza balere, ndi ærn, kutanthauza nyumba kapena malo osungiramo zinthu. Choncho barn poyamba inali nyumba ya balere basi. Balere anali mbewu yaikulu kwa anthu amenewo, popeza ankapangira buledi, phala ndi mowa, ndipo n'chifukwa chake dzina lake linatsalira m'mayina a malo ambiri. Midzi yotchedwa Barton, imene ilipo yochuluka ku England, ambiri mwa mayina ake anachokera ku bere ndi tun, ndiye kuti bwalo kapena famu ya balere, ndipo Berwick nayenso ali ndi bere yemweyo. Gawo lachiwiri lija, ærn, linafa palokha, koma likuonekabe m'liwu lakuti saltern, malo ophikirapo mchere. Pakupita kwa zaka, anthu anafupikitsa katchulidwe mpaka mawu awiri aja anasanduka liwu limodzi lalifupi, ndipo anaiwala kuti muli balere mkati mwake. Umboni wake uli ku Cressing Temple m'chigawo cha Essex, kumene kuli nyumba ziwiri zamatabwa zimene gulu la asilikali achipembedzo lotchedwa Knights Templar linamanga m'zaka za m'ma 1200. Ina imatchedwa Wheat Barn, ina Barley Barn, ndipo munthu wodziwa chiyambi cha liwuli amaona kuti dzina lachiwirilo likutchula balere kawiri, pamene loyambalo likunena za nyumba ya balere ya tirigu.

Chimene ndikufuna kuti mugwire ndi kukula kwa nyumba zimenezi ndi ntchito imene inkachitikamo, chifukwa ndi pamene barn ikusiyana ndi nkhokwe. Ku England nyengo yokolola imakhala yaifupi ndipo mvula imagwa mwezi uliwonse, choncho alimi sakanatha kupunthira tirigu kapena balere panja monga mmene ife timachitira pa dwale m'chilimwe. Ankatuta mitolo yonse ndi mapesi ake omwe, n'kuiunjika m'nyumba, kenako n'kumapuntha pang'onopang'ono m'miyezi yonse yozizira. Pa chifukwa chimenechi barn inkakhala ndi zitseko ziwiri zazikulu zoyang'anizana, zoti ngolo yodzaza ilowe, ndipo pakati pa zitsekozo ndi pamene panali popunthira. Akatsekula zitseko zonse ziwiri, mphepo inkadutsa n'kuuluza mankhusu pamene akupeta. Barn ya ku Harmondsworth, pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow, inamangidwa m'zaka za m'ma 1420 ndipo ndi yotalika pafupifupi mamita 58. Ina yotchuka ndi ya ku Great Coxwell, imene amonke a ku Beaulieu Abbey anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Zambiri mwa nyumba zazikulu zotere anthu amazitcha tithe barn, kutanthauza nyumba ya chakhumi, popeza kale mpingo unkalandira chakhumi cha zokolola zenizeni mpaka lamulo la mu 1836 linasintha kuti chizikhala ndalama, ngakhale kuti zina mwa izo zinali za mafamu a amonke eni ake osati za chakhumi. Ndiye pamene omasulira Baibulo lathu analemba nkhokwe, anachita bwino, chifukwa liwu la Chigiriki pa ndime imeneyo, apotheke, limangotanthauza mosungiramo zinthu, ndipo iwo sankamasulira barn ya ku England.

Tsopano nkhani ya ng'ombe. Kawirikawiri mlimi wakale wa ku Britain sankaika ziweto mu barn. Ng'ombe zinali ndi nyumba yake yotchedwa byre kapena cowshed, akavalo anali ndi stable, ndipo mbewu yopuntha kale inkapita mu granary, imene ndiyo ikuyandikana kwambiri ndi nkhokwe yathu. Kusintha kunachitikira kutsidya kwa nyanja. Anthu amene anasamukira ku America, makamaka ochokera ku Germany ndi Switzerland amene anakhazikika ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700, ankamanga nyumba imodzi yaikulu yotsamira m'mbali mwa chitunda, ziweto pansi, udzu ndi mbewu pamwamba, kuti ngolo izilowa m'chipinda cha pamwamba kuchokera kumtunda ndipo udzu uzingogwetsedwera kwa ziweto m'nyengo ya chisanu. Nyumba yonseyo inatchedwa barn. Kuchokera pamenepo, m'Chingerezi cha ku America liwuli linafika potanthauza nyumba yaikulu ya pa famu, kaya muli chiyani, ndipo m'mizinda ina ngakhale nyumba yogonekamo matiramu ankaitcha car barn. Kabuku kanu kanalembedwa ndi munthu wa chikhalidwe chimenecho.

Malangizo anga ndi akuti musafune liwu limodzi loti muzilibwereza. Pamene akunena za pogona ng'ombe lembani khola, ndipo pamene denga ndi simenti zili zofunika pa nkhaniyo lembani khola lofolera. Pamene akunena za chipinda cha pamwamba, lembani mosungira udzu wouma.

Chisale, Kasungu

Zimene anena bambo Mbewe ndi zomveka, koma ndikufuna kuwongola pang'ono pamene mayi Nasibeko atchula mabalani, chifukwa anthu a m'tauni amasakaniza balani ndi chigafa, pamene kwa mlimi wa fodya ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale kuti m'mabuku a Chingerezi zonse zimatchedwa barn.

Chigafa ndi cha fodya wa bale. Chimamangidwa ndi mphanda ndi mapaso, chimafoleredwa ndi udzu, ndipo m'mbali mwake mumakhala mosatseka kuti mphepo izidutsa. Masamba akathyoledwa ndi kusokedwa amapachikidwa pa mikangala, ndipo amauma okha kwa milungu ingapo popanda moto. Balani ndi nyumba yaitali ya njerwa, yotsekedwa mbali zonse, imene ili ndi ng'anjo kunja ndi mapaipi odutsa pansi mkati mwake. Utsi suloledwa kukhudza tsamba, koma kutentha kokha kochokera m'mapaipi. Ntchito imatenga pafupifupi mlungu umodzi, usana ndi usiku, ndipo wosonkha moto amayamba ndi kutentha kochepa, cha m'madigiri 35 mpaka 40, kuti tsamba lisanduke lachikasu, kenako amakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 70 kuti mtsempha wa pakati pa tsamba uume. Akafulumira kukweza moto tsamba limauma lidakali lobiriwira, ndipo akachedwa limada, ndipo zonse ziwiri zimakagwetsa mtengo ku okushoni. Fodya wa chikopa ali ndi njira yakenso, chifukwa iyeyo amafuna utsi weniweni wa moto wosonkhedwa pansi pa masamba.

Njira ya balani sinayambire kuno. Inachokera ku North Carolina ndi Virginia, kumene amasimba kuti mu 1839, m'boma la Caswell, kapolo wina dzina lake Stephen, wa pa famu ya Abisha Slade, anakoleza moto wa makala mwadzidzidzi m'nyumba youmitsira fodya ndipo masamba anatuluka achikasu chowala. Mapaipi anafala pambuyo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo azungu amene anatsekula maesiteti ku Nyasaland ndi ku Rhodesia anabweretsa kamangidwe kake pamodzi ndi dzina lake. Ndiye liwu limene linafika kwa ife silinali la balere, kapena la ng'ombe, koma la fodya, ndipo linakhala momwemo mpaka lero. Chigafa chinachuluka m'midzi kuyambira mu 1990, pamene boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima bale, amene kale anali wa maesiteti okha.

Zonse ziwiri zimadya mitengo, balani kudzera m'nkhuni, chigafa kudzera m'mphanda zimene chiswe chimatha pa zaka zochepa. N'chifukwa chake alangizi akhala akulimbikitsa chigafa chamoyo, pamene mlimi amadzala mitengo m'mizere pa malo a chigafa kuti mitengo yamoyoyo ikhale mphanda, ndiponso balani ya mtundu wa rocket, imene ng'anjo ndi chumuni yake zinakonzedwa kuti zizitha nkhuni zochepa. Mayi, m'kabuku ka ng'ombe musalembemo balani ngakhale kamodzi. Mlimi wa kuno angaganize kuti mukumuuza kuti ng'ombe aisonkhere moto.

Nangondo, Bergen

Ndingowonjezera pa funso lakuti kodi ndi liwu limodzi kapena angapo. Kuno ku Norway, komanso ku Sweden, Denmark ndi Iceland, barn ndi mwana. Sukulu ya mkaka imatchedwa barnehage, ndipo bungwe la Save the Children kuno limadziwika kuti Redd Barna. Liwu limeneli silikhudzana ndi balere. Linachokera ku mneni wakale wa zinenero za Chijeremani wotanthauza kunyamula kapena kubereka, womwe m'Chingerezi unatulutsa bear, born ndi birth. Chingerezi chakale chinali nalonso liwuli, lolembedwa bearn, koma kummwera kwa England linagonja kwa child, ndipo linatsalira ku Scotland ndi kumpoto kwa England monga bairn. Choncho amene akufufuza pa intaneti ayenera kusamala, chifukwa apa pali mawu awiri osiyana makolo amene angokumana pa kalembedwe. Nyumba ya pa famu imene Angerezi amati barn, Anorway amati låve.

Chodabwitsa n'chakuti m'Chichewa namonso balani likhoza kuwerengedwa ngati lamulo lochokera ku mneni kubala. Izi zangochitika mwangozi, ndipo palibe ubale uliwonse pakati pa kubala kwathu ndi mawu a kunowa.

Kaphale, Blantyre

Mwana wa achimwene anu sananame, mayi Nasibeko, ndipo muyeso umene akunenawo unachokera ku barn ya ku America yomwe bambo Mbewe afotokoza, osati ku barn ya mwana.

Asayansi akamawombera tinthu ting'onoting'ono, monga nyutironi, pa nyukiliyasi, ndiye kuti chigawo cha pakati pa atomu, amafuna kudziwa mwayi woti kanthuko kagunde n'kuchititsa kusintha. Mwayi umenewu amauwerengera ngati kukula kwa malo amene nyukiliyasiyo ikuoneka kuti yatchinga, ndipo barn imodzi ndi sikweya mita imodzi itagawidwa ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 28. Ndi malo ofanana pafupifupi ndi kukula kwa nyukiliyasi ya yureniyamu. Dzinali linaperekedwa mu Disembala 1942 ndi Marshall Holloway ndi Charles Baker, amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Purdue ku Indiana, pa kafukufuku wachinsinsi wa bomba la atomu. Iwo anafotokoza pambuyo pake kuti anayamba aganizira mayina a akuluakulu awo. Dzina la Oppenheimer linali lalitali kwambiri, la Bethe likanasokonezeka ndi chilembo cha Chigiriki cha beta, ndipo la Manley nalonso sanakhutire nalo. Pomaliza anasankha barn, chifukwa kwa anthu ozolowera tinthu tochepetsetsa, malo amenewa anali aakulu kwambiri, ndipo kwa munthu wokulira ku midzi ya ku America chinthu chachikulu chimene sungachiphonye ndi khoma la barn. Anthu a kumeneko akafuna kunyoza munthu wosatha kulasa amati sangalase ngakhale khoma la nyumba imeneyi. Dzinali linalinso lothandiza pobisa nkhani m'nthawi ya nkhondo, ndipo linakhala lachinsinsi mpaka mu 1948.

Kuti muone ntchito yake, nyukiliyasi ya yureniyamu 235 ili ndi mabarn pafupifupi 585 pa mwayi woti igawike ikagundidwa ndi nyutironi yoyenda pang'onopang'ono. Ya boroni 10 imameza nyutironi zotere pa mabarn oposa 3,800, ndipo n'chifukwa chake boroni amagwiritsidwa ntchito pochepetsa mphamvu m'ng'anjo za nyukiliya. Ya xenon 135 ili ndi mabarn oposa 2 miliyoni. Kukula kumeneku ndi kumene kunazimitsa ng'anjo yoyamba yaikulu ya ku Hanford, ku America, mu Seputembala 1944, patangopita maola ochepa chiyatsireni, chifukwa mpweya wa xenon umene unkabadwa mkatimo unkameza nyutironi zimene zinkafunika kuti ntchito ipitirire. Manambala amenewa akusonyezanso kuti muyesowu sunena za kukula kwenikweni kwa nyukiliyasi, popeza ya xenon ndi yaing'ono kuposa ya yureniyamu, koma za mwayi wa kugundana. Masiku ano ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, kumene anapeza kanthu kotchedwa Higgs mu 2012, amagwiritsa ntchito femtobarn, imene ndi barn itagawidwanso ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 15.

Muyeso umenewu sumasuliridwa. Mofanana ndi mita kapena kilogalamu, m'zinenero zambiri umangolembedwa barn, ndipo chizindikiro chake ndi b.

Nasibeko, Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Ndatenga khola, khola lofolera ndi mosungira udzu wouma monga anenera bambo Mbewe. Patsala malo awiri. Pa mutu wa zinyama zothandiza pa famu wolemba akutchula barn owl ndi barn swallow, ndipo pa mutu wa mgwirizano wa alimi akutchula barn raising. Ndikudabwanso kuti l wa mu balani anachokera kuti, popeza Angerezi amene ndawamva amatchula liwuli popanda r womveka.

Mbewe, mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Mbalame ziwirizo tili nazo kuno, ndipo sizifuna barn kuti zidziwike. Yoyamba ndi kadzidzi wa nkhope yoyera, amene amagona m'madenga a matchalitchi ndi m'nyumba zosiyidwa, ndipo wolemba wanu akumuyamikira chifukwa amadya makoswe ndi mbewa zambiri. Pamenepo mufunika chiganizo chimodzi chowonjezera cha inu eni, popeza owerenga athu ambiri kadzidzi amamuona ngati mbalame ya malodza ndipo sangamvetse msanga chifukwa chake kabuku kakuwalimbikitsa kumusunga. Yachiwiri ndi namzeze amene amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, kumene amamanga zisa zadothi pansi pa madenga a nyumba za pa famu, ndipo amabwera kuno m'nyengo ya dzinja kuthawa chisanu cha kumeneko. Kwa ife ndi mlendo wongodya tizilombo m'mlengalenga, saswana kuno, choncho dzina lomumangirira ku nyumba silingatanthauze kanthu. Lembani namzeze basi.

Barn raising ndi mwambo wa ku midzi ya ku America ndi Canada, umene unali wofala m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ndipo anthu a mpingo wa Amish ku Pennsylvania ndi Ohio akuuchitabe. Mmisiri amakonzeratu mitanda ndi nsanamira, kenako pa tsiku loikika mudzi wonse umabwera kudzaimika nyumbayo popanda malipiro, amayi akuphika chakudya cha khamu lonse, ndipo mwininyumba amadziwa kuti tsiku lina adzapita kukathandiza mnzake. Liwu lathu loyandikira ndi dima, ngakhale kuti dima timalidziwa kwambiri pa ntchito ya kumunda, ndipo mukalemba kuti dima lomangira khola alimi adzamva popanda kufotokoza kwina.

Za l wa mu balani, ndikupereka maganizo anga chabe. Mawu a Chingerezi amene ali ndi r pamaso pa konsonanti kapena kumapeto analowa m'Chichewa m'njira ziwiri. Ena anataya r, monga shati, tochi ndi khadi. Ena anamusunga n'kumusandutsa l, monga tchalitchi, foloko, sitolo ndi Malichi, ndipo balani ali m'gulu limeneli. Amishoni ndi eni maesiteti ambiri oyambirira ku Nyasaland anali ochokera ku Scotland, kumene r amatchulidwa momveka bwino pamalo aliwonse, ndipo anthu a ku South Africa olankhula Chiafrikaans, amene makolo athu ambiri anagwira nawo ntchito, nawonso r amamutchula mwamphamvu. Ndikuganiza kuti makutu amene anamva barn koyamba pa esiteti anamva r ameneyo, ndipo popeza Chichewa sichilola makonsonanti otere kugundana kapena liwu kuthera pa konsonanti, anaika a pakati ndi i kumapeto.

Pa zimene anena mayi Nangondo zakuti balani likhoza kuwerengedwa ngati lamulo la kubala, kufananako kuli papepala pokha. B wa mu kubala ndi wofewa, wokokera mkati, ngati wa mu bambo, pamene b wa mu balani ya fodya ndi wolimba, wotulukira kunja, amene timamumva m'mawu obwereka monga basi (yonyamula anthu) ndi buledi. Kalembedwe kovomerezeka ka Chichewa kamalemba b pa onse awiri.